Ngodya Yanga pa Satifiketi ya Achimwene

Fungo la matemba owuma likangondigunda m'mphuno, ngakhale lero pamene mutu wayera ngati thonje, ndimapezeka ndili pa khonde la anjomba anga, Che Bwanali, m'mudzi mwathu kwa Kawinga. Anjomba ndiwo amalume, kwa inu amene simunamwe madzi a kwathu kuno. Pa khonde limenelo pankatsamira njinga yakuda yopanda belu, ndipo kumbuyo kwake kunkakhala dengu lalikulu lomangidwa ndi malegeni. M'mawa kukazizira, fungo la nsomba za ku nyanja ya Chiuta linkasakanikirana ndi la girisi ndi la utsi wa mapesi. Amphaka a mudzi wonse ankaidziwa nyumba imeneyo kuposa nyumba za eni ake. Nanenso chimodzimodzi.

Njinga imeneyo ndiyo inkaphunzitsa achimwene anga, Yusufu. Bambo athu anapita ku Halale ine ndisanamere mano, natchona komweko, ndiye mbumba yonse inatsamira pa anjomba. Iwo ankapalasa kuchokera ku Chiuta mpaka ku Liwonde, nthawi zina mpaka ku Balaka, kumene achimwene ankaphunzira pa sekondale yogonera komweko. Zilembo za kusukulu sankazidziwa ngakhale chimodzi, koma akayamba kukamba za mwana wa mlongo wawo, munthu ukanayesa ndiwo ahedi. "Mwanayu akatenga satifiketi ya Fomu Folo," ankatero, "njingayi ndidzaipachika mu mtengo wa mango ipume, nkhuku zizigonapo." M'mudzi mwathu ndi m'midzi yonse yoyandikana nafe munalibe amene anaionapo satifiketi imeneyo. Ambiri ankaopa n'kutumiza komwe ana kusukulu, ati akabwerako akudya nkhumba.

Ine Amidu ndinali ndi mbiri yangayanga. Ndinali nditatuluka ku jando chaka chapitacho, ndiye ndinkadziona kuti ndine mwamuna wokwana. Koma akandituma mchere m'mawa, ndiwo zinkapsa, n'kudyedwa zosakolera, mbale n'kutsukidwa, ine ndikutulukira madzulo ndi nkhani zokoma ndi mchere wotsala theka. Sunali ulesi, iyayi. Njira za kale zinali ndi zinthu zambiri zofunika kuti wina azione. Apa linthumbu likusamuka, apo wowotcherera ndowa akukangana ndi mwini ndowa, uko akuluakulu akusewera bawo molakwika. Munthu wanzeru sangangodutsa. Aphunzitsi anga a Sitandade 4 sankagwirizana nawo maganizo amenewa, ndipo chaka chotsatira tinasiyana mwamtendere.

Nyengo imene ndikunenayi inali ya chisanu. Thonje linali litayera m'minda, azimayi zala zili zilonda ndi kutola, ndipo pa khonde lililonse panali mulu woyera umene ana tinkaletsedwa kugudubukapo, koma tinkagudubukapo ndithu. Mwera unkawomba kuchokera kunyanja, milomo kusweka, miyendo kutuwa ngati yapakidwa phulusa. Ku Balaka achimwene anali mkati mwa mayeso awo omaliza. Lamulo la mayesowo aliyense pakhomo ankalidziwa, chifukwa iwo anali atalifotokoza patchuthi mobwerezabwereza: ukajomba pepala limodzi, zaka zinayi zonse zalowa m'madzi. Anjomba anabwera kunyanja akutsokomola, namati n'chimfine chabe. Anagona masiku owerengeka, njinga ili chitsamire. Lolemba m'mbandakucha, kulira kwa amayi kunang'amba mudzi.

Dzuwa lisanakwere, bwalo linali litadzaza. Utsi wa ubani unkatuluka pa zenera, anyamata anakatenga jeneza, chonyamulira maliro, ku mzikiti, ndipo wina ankang'amba nsalu yoyera ya sanda ndi phokoso limene mpaka lero sindilikonda, ngakhale ndakalambira pa makina osokera. Ife Asilamu maliro sitiwasunga. Koma a Shehe ndi akuluakulu atakhala pansi pa mango anagwirizana kuti adikire mpaka mawa lake, ikatha swala ya masana. Chifukwa chake chinali Yusufu. Iye ndiye anali mwana woyamba wa mlongo wa malemu, ndiye woyenera kutsikira m'manda, kulandira anjomba ake ndi manja awiri, n'kuwagoneka. Anati atumidwe mnyamata wamphamvu wa njinga, akamutenge.

Amayi anali pa khomo la nyumba ya siwa, atagwada, mpango uli kumaso. Mawu awo anali atasasa. "Akuluakulu," anatero, "nthaka yauma, anyamata akufunika kumanda. Njinga nazo zipite kwa Chikweo, kuli abale ambiri amene sanamve. Ku Balaka apite Amidu. Njira akuidziwa, anapitako ndi anjomba ake."

Mkulu wina anatsokomola. Wina anafunsa motsitsa, "Amidu wake uyuyu?" Koma ndani angatsutsane ndi mayi amene mlongo wake yekhayo wagona m'nyumba? Nkhani inathera pomwepo. Ine misozi inali isanaume, koma chifuwa chinatupa. Pa amuna onse amene anadzaza bwalo lija, anasankha ine.

Kuseri kwa nkhokwe amayi anandimangira ndalama ya basi pa nsonga ya kansalu, nandipatsa chinangwa chophika. Anati ndikafika ku Liwonde ndikadzere kwa azakhali, ndikawauze za malirowa, ndikawauzenso kuti achimwene ali pa mayeso. Kenaka anandigwira phewa. "Tamvera. Uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Munthu samuuza ali chiimire, ndipo samuuza ali pa ntchito. Udikire amalize chimene wagwira, akhale pansi, ndiye unene. Wamva?" Ndinati ndamva. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira, nanditsekera batani la pakhosi limene sindinkatseka chibadwire.

Ndikulumbira kuti mpaka ku Nselema ndinathamanga. Ndinadutsa anyamata akutchera mbalame osaima, ndinadutsa galu ali ndi mutu m'mphika osatembenuka. Basi ndinaipeza ilipo, ikunjenjemera, denga lili tho ndi mitolo ndi nkhuku. Koma pa chitseko panaima anyamata a chipani a malaya ofiira, ndipo masiku amenewo munthu sunkakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinapisa m'thumba. Munali chinangwa. Makhadi a banja lonse ankakhala m'kachitini ka amayi, ndipo amayi anali munthu wosaiwala kanthu, woti nkhuku ikabisa dzira limodzi ankadziwa. Tsiku limenelo anaiwala.

"Ndine mwana," ndinatero, ndikudzichepetsa msinkhu.

Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kuphazi. "Wavinidwa iwe?"

Funso limenelo, abale anga, mnyamata wa kwathu sangaliyankhe mwabodza ngakhale atamuloza mfuti. Ndinawongoka. "Eya, chaka chatha."

"Ndiye ndinu bambo. Khadi, bambo."

Basi inapita, n'kundisiyira fumbi mkamwa. Ndalama ya pa kansalu inali yoyezera ngati mankhwala: ndikagula khadi, yokwerera palibe. Malole amene ankadutsa anali odzaza azimayi ovala nsalu zofanana, akupita kukayeserera magule a tsiku la ufulu, ndipo palibe dalaivala amene akanayerekeza kuima. Ndinayamba wapansi. Masana ndinapeza ngolo ya thonje ya bambo wina wa Chilomwe, amene atamva kuti ndi za maliro anandikweza pamwamba pa mabelo. Ng'ombe zake zinali zaulemu kwambiri, zinkapereka moni kwa udzu uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Tinalowa pa Ntaja dzuwa likufiira, ndipo ndinagona pa khonde la sitolo, pafupi ndi moto wa mlonda. M'mawa mwake, ndisakunamizeni, panali masewero a bawo amene anafuna malangizo anga pang'ono. Koma pang'ono pokha.

Lole ya thonje inanditsitsa pa Liwonde nthawi imene ku mzikiti ankaitanira swala ya masana. Mawu amenewo atandipeza ndinaima pakati pa msewu. Ndinadziwa kuti kwathu anyamula jeneza, kuti akudutsa nalo pa mango paja, ndipo kuti m'manda mutsikira munthu wina. Ndinalira ngati sindinavinidwe. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikafulumira, achimwene akapezeka pa sadaka ya tsiku lachitatu. Ndinkawadziwa. Akanangomva, buku akanaliponya pansi, n'kuyamba ulendo ngakhale wapansi, mayeso osawacheukira n'komwe.

Azakhali anali mlongo wa bambo athu otchona aja. Ankakazinga mandasi pafupi ndi mlatho wa Shire, ndipo anali mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe. Atamva uthenga anakhala pansi nalira mokweza, mpaka ogula anathawa. Kenaka anamina nafunsa ngati amayi ananena china. Ndinati anati ndikuuzeninso kuti achimwene ali pa mayeso. Kulira kunaduka ngati wina watseka mpopi.

"Ndiye atuma iwe."

"Eya."

"Iweyo."

"Ineyo, azakhali."

Anandiyang'ana, nayang'ana kumwamba kumene mitambo ya chiperoni inkasonkhana, nandinunkhiza. "Asa! Ukununkha ngati tonde. Ukalowa chonchi pa sukulu ya anthu ophunzira? Ufuna akamuseke mbale wako? Vula."

Ndinali ndi kabudula mmodzi ndi malaya amodzi pa dziko lonse lapansi, ndipo ndisanatsegule pakamwa, zonse zinali m'beseni. Atangoyanika, kamvula kaja kanayamba kuwaza, kosanyowetsa nthaka koma kosalola chovala kuuma. Ndinawapempha kuti tiyanike pa moto wa mandasi. Anati utsi uwononga nsalu, nsalu yake ya kabudula wa zigamba zitatu. Mawa lake masana zovala zitayamba kuuma, anazitembenuza, napeza banga limene ine sindinalione, nazibwezera m'madzi. Ndinakhala kuseri kwa nyumba nditafunda chitenje cha maluwa, mwamuna wa ku jando, atsikana opita kumadzi akupeza zifukwa zodzera kuseri komweko. Mvuu zinkadzuma mu Shire ngati nazonso zikundiseka. Sitima inadutsa, ine osatha n'kukaiona komwe. Chonditonthoza chinali chakuti mandasi ophwanyika onse anali anga, ndipo sabata imeneyo ankaphwanyika kwambiri.

Lachinayi azakhali anandikweza okha pa lole ya munthu amene ankamudziwa. Balaka inandilandira ndi mphepo ndi fumbi, milambe ili mbuu yopanda tsamba, sitima ikulira ku siteshoni, fungo la sopo ndi palafini likutuluka m'masitolo a amwenye. Sukulu inali kunja kwa tauni, njira yake yoikidwa miyala yopaka laimu. Sindinavutike kuwapeza achimwene. Anali pansi pa mtengo wa keshya, akuyenda uku ndi uku, buku lili kumaso, milomo ikugwedera. Anali ataonda, khosi lili ngati la nkhuku yosadya, chala chili bii ndi inki.

Phazi linali litanyamuka kale pamene mawu a amayi anandikoka malaya. Munthuyu anali chiimire. Munthuyu analinso pa ntchito. Zoletsa zonse ziwiri zinali pa iye. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni pafupi ndi khitchini kuti ndidikire. Ndipo onani mmene anthu ophunzira amavutira: akakhala pansi, buku lili m'manja, akatseka buku, aimirira, akunong'ona zimene awerenga. Ndinayang'ana mpaka khosi linawawa, koma nthawi yoti akhale pansi manja ali opanda kanthu sinafike.

Amene anafika ndi dzanja, pa khutu langa. Anali wophika wa pasukulupo, bambo wamfupi wa kofia ndi thewera la saka, amene anayesa ndine wakuba nkhuni. Nditakuwa kuti "Ama!" anamasula, nandifunsa m'Chiyao kuti ndine mwana wa yani. Dzina lawo anali Che Kasimu, kwawo kwa Chikweo, ndipo anjomba ankawadziwa, chifukwa ankawagula matemba. Ndinawauza zonse, kuyambira khadi mpaka kabudula. Anavula kofia, nanena mawu amene timanena tikamva imfa.

"Mayi ako anati chiyani? Unene monga ananenera."

Ndinabwereza, monga ndinabwerezera kuseri kwa nkhokwe. Che Kasimu anayang'ana ku mtengo wa keshya kuja. "Ndiye ntchito imene mbale wako wagwira ithera mawa masana. Latsala pepala limodzi."

"Koma kumudzi akudikira."

"Amene ankadikira anagona kale, mwanache. Mawu a mayi sawadula pakati."

Anandilowetsa m'kachipinda kosungira zakudya, pakati pa matumba a nyemba, nandipatsa mbale yodzaza. Munkanunkha fumbi la ufa ndi anankafumbwe. Khoma la kachipindako linali ndi kazenera koperekera chakudya, ndipo dzuwa litapendeka ophunzira anafola pamenepo ndi mbale zawo zachitsulo. Ndinakhala pansi pa kazenerako, msana uli kukhoma. Mawu ankadutsa pamutu panga, ena Chizungu, ena Chichewa, onse odandaula za nyemba. Kenaka ndinamva mawu amene ndinkawadziwa kuyambira ndili kumsana.

"Che Kasimu, mawa ndiye mapeto. Anjomba anati abwera okha kudzanditenga pa njinga. Ndawauza kuti akubweretsereni matemba a bwino, osati fumbi lija anakugulitsani ulendo watha."

Anaseka. Anali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanagwira mbale yawo. Tsono mundimvetse bwino. Ine ndine munthu amene nkhani siigona m'mimba mwanga. Ndikaona kanthu m'mawa, pofika masana mudzi wonse wamva, ndi zowonjezera zomwe. Uthenga umenewu ndinali nditausenza kuchokera kwa Kawinga, unali utandifika pakhosi, ndipo mwini wake anali pamutu panga akuseka. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinagwira nsonga ya thumba la nyemba, n'kuiluma. Ndinailuma mpaka ulusi wa saka unalowa m'mano, misozi ikutsikira m'masaya. Che Kasimu anathira nyemba m'mbale, nati, "Kadye, ukagone msanga. Za njinga n'za mawa." Mapazi anachoka. M'moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati kukhala chete kumeneko.

M'mawa mwake ndinazemba n'kukasuzumira pa zenera la holo. Sindinaonepo anthu ambiri chotero ali chete popanda maliro. Madesiki anali patalipatali ngati mapando a thonje, ndipo bambo wina wa tayi ankayenda pakati pawo, manja ali kumbuyo, nsapato zikulira. Kunkamveka mapeni okha, ngati chiswe chikudya denga. Achimwene ndinawazindikira ndi khosi. Anali atawerama, dzanja likuthamanga, osadzutsa mutu ngakhale kamodzi. Ndinaganiza za miyendo ya anjomba ikupalasa chitunda cha ku Liwonde ndi dengu lodzaza. Kuyenda kwake kunali kofanana.

Belu litalira, anyamata anatuluka ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola. Ena ankakuwa, ena ankaponya marula m'mwamba, wina anagwada n'kupsompsona fumbi. Achimwene anatuluka akuseka, atakolekana mapewa ndi mnzawo, maso akufunafuna njinga yakuda ku geti. M'malo mwa njinga anaona ine, nditaima pa mulu wa nkhuni, batani la pakhosi lili chitsekere. Kuseka kunazima. Mwana wa kumudzi sabwera yekha ku Balaka ndi nkhani yabwino. Anabwera pang'onopang'ono, osafunsa kanthu, nakhala pa chipika. Peni anaiika pansi, pa dothi. Manja anali opanda kanthu.

Ndinagwada. "Achimwene, anjomba atisiya."

"Liti?"

"Lolemba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lero ndi Lachisanu, Amidu."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Ulendo wonse wobwerera sanandiyankhule, ngakhale pamene ndinawagawira mandasi a azakhali pa Liwonde. Titafika anapita kumanda asanalowe m'nyumba, napeza dothi litayamba kale kukhazikika.

Mlandu wanga unakambidwa pa mango pomwe paja. Akuluakulu anandifunsa kumene ndinagona, ndipo nkhani ya kabudula inaseketsa anthu amene sankayenera kuseka. Mkulu wina anati kuyambira lero mwanayu ndi Che Nanzikambe, ndipo dzinalo landitsatira mpaka pa khonde la ku Nselema pamene ndimasokera. Ngakhale adzukulu anga amalidziwa. Amayi anandikalipira mokweza kuti aliyense amve, nandikoka khutu pamaso pa anthu. Ndinakuwa monga mwa mwambo, koma ndinadabwa, chifukwa zala zawo zinali zofewa ngati akutola thonje. Nawonso sanapulumuke. Azimayi anzawo ankanong'ona ku chitsime kuti munthu wamutu angatume Amidu pa nkhani ya maliro? Mlongo wake waikidwa ndi manja a eni, mwana wake alipo. Amayi ankangoweramitsa mutu, namati chisoni chinawasokoneza. Pa sadaka ya tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinapeza chiwindi cha mbuzi chitabisidwa pansi pa mpunga wanga. Ndinayesa wina walakwitsa mbale, ndiye ndinameza msanga asanazindikire.

Mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo, tinamva kuti achimwene akhoza. Satifiketi yeniyeniyo inachedwa kuposa ine, koma inafika, mango atapsanso. Linali pepala lolimba, lonunkhira ngati nsalu ya m'sitolo, lokhala ndi chidindo ndi dzina la achimwene m'zilembo zakuda. Anthu anachokera m'midzi ina kudzaliona. Amayi anaika beseni pa khomo kuti aliyense ayambe wasamba m'manja. A Shehe anawerenga duwa, pemphero lathu lothokoza, ndipo mkulu uja anandipatsa dzina analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nati ndi lopepuka kuposa mmene ankaganizira. Amene ankati sukulu idyetsa ana nkhumba anaona Yusufu akuswali nawo mzere umodzi, ndipo chaka chotsatira ana angapo a m'mudzi mwathu anayamba kunyamula masileti.

Madzulo a tsiku limenelo achimwene anatenga satifiketi napita nayo kumanda okha. Atabwerako analowa pa khonde la anjomba, natulutsa njinga yakuda ija, matayala ataphwa, dengu lili pomwepo. Anaponya chingwe pa nthambi ya mango naikoka mpaka inalendewera pamwamba pa mitu ya anthu. Ena anaseka, amayi anaphimba nkhope. Kusanade, nkhuku imodzi inali itakwera kale pa chishalo.

Ine ndinali pambali ndikuyamwa bango, popeza chiyambire ulendo wa ku Balaka ine ndi achimwene tinkangopatsana moni. Anandiitana. Anati Che Kasimu anawauza za thumba la nyemba pamene anapita kukatenga satifiketi, ndipo anawaonetsa pamene panali mano anga. Anangonditambasulira pepala lija. "Gwira nawe. Pa ngodya pokha, manja akowo." Ndinagwira pa ngodya ya kumanja, m'munsi, ndipo chala changa chinasiya kabanga kachikasu. Achimwene anagwira ntchito ya uphunzitsi mpaka kupuma, satifiketiyo ili mu galasi pa khoma la nyumba yawo ku Balaka, ndipo kabangako kakadalipo. Ndiye ana a masiku ano akamandifunsa kuti agogo sukulu munalekeza pati, ndimawauza kuti Sitandade 4, koma ndili ndi ngodya pa satifiketi ya Fomu Folo. Amene akukayika akwere basi akaone.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti khadi lija linaiwalika ndi chisoni, kuti azakhali anali munthu wokonda ukhondo, ndi kuti mwambo wodikira munthu akhale pansi unangogwirizana ndi mayeso mwamwayi. Ndinali ndi ana angaanga pamene tsiku lina, ndikupalasa makina, zonse zinalumikizana ngati msoko. Ndinapita kwa amayi, amene panthawiyo anali atakalamba, akusenda mtedza pa khonde. Ndinawafunsa chifukwa chake, pa amuna onse a pa bwalo lija, anatuma ine. Sanadzutse mutu. "Nanga ukanafuna nditume wofika?" anatero, napitiriza kusenda.

Sitinaikambenso nkhaniyo. Koma ndimaganiza za mayi uja atagwada pa khomo la siwa, mlongo wake yekhayo ali m'nyumba, akusankha kumuika popanda mwana wake pambali, n'kusenza mawu a ku chitsime, kuti thukuta la pa njinga lija lisapite pachabe. Analibe mphamvu yotsutsa akuluakulu, analibe pepala lolembera ahedi. Chimene anali nacho ndi mwana mmodzi amene sankafika kumene watumidwa. Tsiku lija ndinanyamuka chifuwa chili patsogolo, ndikuyesa andisankha chifukwa ndinkadziwa njira. Njirayo ndinkaidziwadi. Koma amayi ankadziwa ine.